Galu wolondera mbuzi ndi pakhomo: zolemba za ntchito yathu ku Domasi

3 Sepitembala

Mbuzi zitatu zinapita usiku wa Lachisanu lapitali: tonde ndi mikota iwiri, wina uli ndi bere. Akubawo sanathyole khola, anachita kumasula mitengo iwiri ya kumbuyo bwinobwino, ngati anthu odziwa momwe tinamangira. M'mawa tinalondola mapazi mpaka pomwe kanjira kathu kakumana ndi msewu wafumbi, ndipo pamenepo tinangopeza mizere ya matayala a njinga yamoto. Tauza a mfumu ndi achitetezo a m'mudzi. Zatsala mbuzi 9.

Bwenzi, galu wathu wachikuda, anauwa usiku umenewo ndipo ndinamumva. Koma Bwenzi amauwa mphaka, amauwa mwezi, amauwa woledzera wodutsa kutali, choncho ndinangotembenuka n'kugonanso. Wakalamba tsopano, mano ena anaguluka, ndipo thupi lake ndi laling'ono moti wakuba samuwerengera.

Tagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti tipeze galu wamkulu. Tisanatchule n'komwe mtundu, talemba zomwe tikufuna. Azigona pafupi ndi khola osathamangitsa mbuzi. Asalume mwana, wathu kapena wa eni ake, chifukwa njira yopita ku mjigo imadutsa m'mbali mwa mpanda wathu ndipo ana amadutsapo tsiku lonse ndi ndowa pamutu. Tizikwanitsa kumudyetsa chaka chonse, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe ikapepuka. Chomaliza anawonjezera ndi amayi anga, omwe amakhala nafe: "Iwe umachoka m'mawa kupita ku tawuni. Galuyo azimvera ife otsala pakhomo, osati iwe wekha."

11 Sepitembala

Sabata yonseyi ndakhala ndikufunsa anthu ndi kuwerenga pa intaneti. Mtima wanga unali pa Boerboel kuyambira pachiyambi. Ndi galu wa ku South Africa amene alimi a kumeneko anamuweta kuti azilondera nyumba za m'mafamu, ubweya wake ndi waufupi, ndipo amakonda anthu a pakhomo pake kwambiri. Vuto ndi kulemera. Wamphongo wamkulu amaposa makilogalamu 60, ena amafika 80, kulemera kuposa amayi anga. Galu wotero akakoka chingwe, palibe mayi kapena mwana angamubweze. Kudyanso kwake: ngati ukumupatsa chakudya chouma cha m'sitolo, thumba la makilogalamu 20 silimaliza mwezi. Ndawerengera kawiri, ndalama yake ikuposa yomwe mbuzi zonse 9 zingatipatse pa chaka.

German Shepherd ndiye amene anthu ambiri kuno amamudziwa, amangoti galu wa apolisi. Mtunduwu unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899, ndipo pa kuphunzira msanga palibe womuposa pa agalu omwe ndawaganizira. Wamphongo amalemera pakati pa makilogalamu 30 ndi 40, thupi loti n'kuligwira. Koma ubweya wake ndi wambiri, ndipo kuno kumunsi kwa phiri nkhupakupa n'zosayamba nthawi ya mvula. Mu ubweya wotero zimabisala mpaka galu kudwala iwe usanazione. Mtunduwu umavutikanso ndi mfundo za m'chiuno zosalumikizana bwino, vuto lochokera kwa makolo, ndipo ogulitsa omwe ndawaimbira palibe ndi mmodzi yemwe amene anajambulitsapo chiuno cha make kapena bambo wa tiagalu take. Amafunanso munthu woti azimupatsa zochita tsiku ndi tsiku, apo ayi amayamba kukumba ndi kuluma zinthu.

Rottweiler ndamudutsa msanga. Ndi wakuda, wolemera, ndipo dzuwa la Okutobala la kuno lingamuzunze.

Rhodesian Ridgeback anandikopa masiku awiri. Ndi wa kuno kummwera kwa Africa, malamulo a maonekedwe a mtundu wake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo amadziwika ndi mzere wa ubweya woyang'ana chakumutu pamsana pake. Kutentha sikumuvuta, sauwa chisawawa, alendo sawasekerera. Koma magazi ake ndi a ulenje. Kanthu kakathamanga, iye amakathamangira, ndipo ana a mbuzi ntchito yawo ndi kuthamanga basi.

Amene akugwirizana ndi ntchito ya mbuzi ndendende ndi Kangal, kapena Anatolian Shepherd, wa ku Turkey. Ku Namibia bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupereka agalu amenewa kwa alimi kuyambira 1994. Kagalu amakaika m'khola kali kakang'ono, kamakula kakununkha mbuzi, kenako kamaona mbuzizo ngati abale ake. Chilombo chikabwera galuyo amaima pakati pa chilombocho ndi ziweto n'kumauwa mwamphamvu, nthawi zambiri osamenyana n'komwe. Ndafunsa ku Zomba kuno ndi ku Blantyre, sindinapeze woweta. Komabe ndatolapo chinthu: chomwe chimamanga galu ku mbuzi ndi kumene anakulira.

21 Sepitembala

Ndapita ku Blantyre kukaona tiagalu tomwe ndinationa pa Facebook. Pa zithunzi tinali tokongola, tonenepa, ndipo wogulitsayo analemba kuti ndi Boerboel weniweni. Chikomekome cha mkuyu.

Pakhomopo ndinapeza kanyumba ka njerwa kofolera ndi lata, kutalika kwake kundifika m'chiuno, kopanda zenera, kabowo kamodzi kokha m'munsi mwa chitseko. Nthawi inali cha m'ma 11 koloko, lata likutentha moti sungaikepo dzanja. M'katimo munali make wa tiagaluto. Atangomva mawu anga anadziponya pa chitseko, phuu, mpaka fumbi kugwa pa njerwa, ndipo pa kabowo paja ndinangoona mphuno ndi thovu. Mwini wakeyo anamwetulira monyada. "Mwamuona, bwana? Ameneyu saona munthu masana. Ndimatsegula 10 koloko usiku, ndipo ngakhale ana anga satuluka." Nditapempha kuti amutulutse ndimuone kayendedwe, anati sizingatheke mlendo alipo. Nditafunsa khadi la katemera, anati linasowa. Tiagaluto tinali m'katoni kuseri kwa nyumba, tili ndi milungu isanu yokha, mimba zotupa ndi njoka, ndipo anali wokonzeka kundipatsa kamodzi tsiku lomwelo.

Ndabwerera chimanjamanja, ndipo m'minibasi monse ndimaganiza za galu uja. Ambiri mwa ife tinakula tikumva kuti galu wolusa amapangidwa pomutsekera mu mdima, ena amati pomuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya. Chimene chimatuluka m'kanyumba kotero ndi galu wamantha amene sasiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzapempha moto. Tsiku lina chitseko chidzaiwalika kutseka, ndipo woyamba kukumana naye sadzakhala wakuba. Galu wotero pakhomo panga ayi, ngakhale atandipatsa ulele.

28 Sepitembala

Alangizi a ziweto a dera lathu anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene amaweta mbuzi ndi nkhumba cha ku Thondwe. Ndapitako lero ndi mayi a kunyumba.

Tisanafike pa chipata anatulukira galu wamkazi wofiirira, wamtali kundifika pamwamba pa bondo, chifuwa chachikulu. Anauwa katatu ndi mawu okhuthala, n'kuima pakati pa njira osasuntha, osathamangira kwa ife, osabwerera m'mbuyo. Bambowo atatuluka n'kunena kuti "Basi, ndi alendo," galuyo anabwera, anatinunkhiza mapazi, n'kupita kukagona pansi pa khola la m'mwamba, pomwe panali ana ake asanu ndi mmodzi. Ndinakhala pa mpando pafupifupi ola lathunthu ndikumuyang'ana. Kambuzi kena kanadumphira pamsana pake, iye anangotembenuza mutu. Kamdzukulu ka bambowo, ka zaka ngati zitatu, kanatola kagalu kamodzi molakwika, miyendo ili lendelende, make anadzuka, anakayang'ana pafupi, n'kukagonanso. Koma munthu wina atadutsa pa njinga kunja kwa mpanda, makutu anaima nthawi yomweyo ndipo anamuperekeza ndi maso mpaka atazimiririka.

Bambowo sanabise kanthu. "Achimwene, awa si a mapepala ayi. Make uyu ndi wosakaniza, agogo ake anali wachikuda wa pamudzi pompano. Bambo wa anawa ndiye Boerboel wa pa famu ina kutsidyaku." Kwa ine zimenezo zinali zabwino. Agalu achikuda akhala ndi dzuwa, nkhupakupa ndi chakudya cha kuno kwa mibadwomibadwo, ndipo thupi la anawa lidzakhala lalikulu koma losafika pa la bambo wawo.

Posankha tinawomba m'manja mwadzidzidzi. Kamodzi kanathawira pansi pa khola osatulukanso. Kena, kamphongo konenepa, sikanasamale n'komwe, kanali kalikiliki kuluma anzake makutu. Kakakazi kena kanadzidzimuka, kanaima, kenako kanabwera kudzaona chomwe chalira. Mayi a kunyumba anakanyamula n'kukagoneka chagada m'manja, kanapalapata pang'ono kenako kanadekha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, ndi aka." Tinakayang'ana nkhama, zinali zofiirira bwino, maso oyera, pamchombo popanda chotupa.

Tiagaluti tili ndi milungu 6. Tagwirizana kuti kakhale kwa make mpaka milungu 8, chifukwa m'masabata amenewa ndi momwe kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma kumapweteka. Ndasiya theka la ndalama.

6 Okutobala

Tamanga kampanda ka waya kogundana ndi khola, mbali ya kumvuma komwe kuli mthunzi wa mango masana. M'katimo taikamo kanyumba kotseguka mbali imodzi, pansi pokwera ndi matabwa. Kuchokera pamenepo kagalu kaziona ndi kununkhiza mbuzi, koma mikota siingakagunde. Mitengo ya kumbuyo kwa khola tayikhomera ndi misomali ndi waya, osatinso luzi.

12 Okutobala

Kafika. Ana akatcha Tcheru. Takapima pa sikelo yopimira chimanga, titakaika m'thumba: makilogalamu 6. Bwenzi anakanunkhiza, anaonetsa mano kamodzi, n'kuchoka. Usiku kanalira mpaka cha m'ma 2 koloko, ndipo mwana wathu wamng'ono analira nako akupempha kuti tikalowetse m'nyumba. Ndinakana, ngakhale mtima unandipweteka. Kakazolowera pa mkeka wa m'nyumba sabata yoyambayi, kukhola sikadzabwererako. Ndinakaikira chiguduli chomwe tinapukutira make, kanagona.

14 Okutobala

Katemera woyamba, wa matenda angapo pamodzi, ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Dokotala wa ziweto ku tawuni watsindika za parvo, matenda otsegula m'mimba mwa magazi ndi kusanza amene amapha tiagalu m'masiku ochepa. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo munthu atha kukabweretsa ndi nsapato. Jekeseni imodzi siyikwana, ayenera kubwereza pakatha milungu itatu kapena inayi mpaka kagalu kakwanitse milungu 16. Mpaka nthawiyo Tcheru satuluka kunja kwa mpanda.

Apa pali povuta, chifukwa masabata omwewa, kagalu kasanakwanitse miyezi itatu ndi theka, ndi pomwe kamaphunzira kuti dziko ndi lotani. Chomwe sikanachione pa msinkhu umenewu kamadzachiopa kakakula. Ndiye popeza sikangapite kwa anthu, anthu azibwera kwa iko. Ndapempha ana a kwa aneba kuti akamachokera ku mjigo azilowa awiriawiri, asambe m'manja, akagwire pang'ono. Amayi anga ayitana anzawo a kumpingo. Wakabaza amene amatinyamula ndamupempha kuti aziliza njinga yake pafupi ndi mpanda. Mnzanga wina wandifunsa kuti, galu wozolowera anthu chonchi adzalondera bwanji? Ndamuuza za make ku Thondwe kuja. Galu amene waona anthu abwino mazanamazana masana ndi amene amazindikira msanga munthu wobwera mokwawa usiku.

27 Okutobala

Za chakudya. Cha m'sitolo sitingachikwanitse chokhachokha, ndiye tikusakaniza. Timaphika phala lolimba la mgaiwa, kuthiramo ufa wa soya wokazinga, matemba a ku Chilwa kapena bonya wogula pa Songani wosinjasinja, masamba a nkhwani, ndi dzira kawiri kapena katatu pa sabata. Pamwamba pake timawonjezera kapu ya chakudya cha tiagalu cha m'sitolo. Nsima yokha ndi madeya zimatupitsa mimba koma mafupa osalimba, ndipo agalu ambiri akuluakulu opindika miyendo omwe timawaona anakulira zimenezo. Kunenepetsanso n'kolakwika: kagalu ka mtundu waukulu kakakula mothamanga, mfundo zimawonongeka. Dokotala anati ndizimva nthiti ndikasisita, koma ndisamazione ndi maso. Anyezi ndi mafupa a nkhuku ophika ayi.

Kamadya katatu pa tsiku, ndipo wopereka amasinthana: m'mawa mayi a kunyumba, masana amayi anga, madzulo ine kapena ana. Aliyense amati "Khala" ndipo mbale siyitsika pansi mpaka katakhala. Chakudya n'cha m'mbale yake basi, palibe kukaponyera kanthu pansi. Akuba a masiku ano amayamba aponya nyama yothira tameki, poizoni wa timibulu takuda, ndipo ndikudziwa kuti palibe maphunziro amene angatsimikize kuti galu sadzatola, komabe kuli bwino azolowere kuti chakudya chimachokera m'manja mwa anthu ake.

11 Novembala

Katemera wachiwiri, pamodzi ndi wa chiwewe, popeza Tcheru wakwanitsa miyezi itatu. Bwenzi naye ndamubayitsa. Za chiwewe sindichita nazo masewera. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, mankhwala palibe. A bungwe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015 ndipo anafika kuno ku Zomba ndi ku Chiradzulu, cholinga chawo n'kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse kuti matendawa asiye kufala. Ana ndawauzanso lero: galu aliyense akakuluma kapena kukukanda, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge.

Sikelo: makilogalamu 11.

9 Disembala

Katemera wachitatu watha. Tayamba kuyenda naye pa chingwe m'malire a munda m'mawa uliwonse, njira imodzimodzi, kuti adziwe pomwe pathera kwathu.

19 Disembala

Mvula yabwera ndi mphutsi. Mayi a kunyumba anaona Tcheru akudzinyambita pamimba osaleka, titamugoneka tinapeza timatuza 7, kalikonse kali ndi kabowo pakati, ndipo ukayang'anitsitsa kanthu koyera kakusuntha m'katimo. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi la mchenga la pamthunzi pomwe pali mkodzo, ndipo pansi pa mango paja, pomwe amakonda kugona, ndi malo otero ndendende. Tinapaka Vaseline pa timabowo kuti mphutsizo zisowe mpweya, titadikira pang'ono tinafinya chapansi, zinatuluka zathunthu, zonenepa ngati njere za mpunga wophika. Anangolira pang'ono, mutu uli pa miyendo ya amayi anga. Tatsuka mabala, tapala dothi la pansi pa mango n'kuthirapo miyala ing'onoing'ono, ndipo chiguduli chake tsopano tikuchiyanika pa chingwe n'kuchisita.

Nkhupakupa tikuzisaka madzulo aliwonse m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Mankhwala ake tikugwiritsa ntchito omwe dokotala anapereka molingana ndi kulemera kwake. Aneba anandiuza kuti ndingomusambitsa dibi wa ng'ombe, ndakana, mankhwala amenewo osayezedwa bwino amapha kagalu. Chomwe ndikuyang'anira ndi nkhama: zikayera, galu akafooka n'kusiya kudya, mkodzo ukada, ndiye kuti matenda a nkhupakupa alowa m'magazi ndipo si zogonera.

16 Januwale

Sabata yovuta. Mikota iwiri yaswa, ndipo Lolemba Tcheru anathamangitsa kambuzi kamodzi kuzungulira khola, n'kukagwetsa, n'kukagwira khutu. Sanakapweteke kwenikweni, kakhutu kanangokandika, kwa iye anali masewera. Koma ali ndi makilogalamu 21 tsopano, ndipo masewera otero akawakonda, mathero ake ndi mbuzi yakufa. Amayi anga anakwiya kwambiri, anati galu wolawa khutu la mbuzi sasiya.

Sindinamumenye. Kumenya galu wa msinkhu uwu kumangomuphunzitsa kuopa dzanja, ndipo galu wamkulu woopa dzanja ndi uja wa m'kanyumba ku Blantyre. Tabwerera m'mbuyo. Sakhalanso ndi timbuzi popanda munthu. Madzulo ndimalowa naye m'khola pa chingwe chachitali, akangoumitsa thupi kuyang'ana kambuzi ndimati "Ayi" n'kumubweza, akagona pansi modekha ndimamusisita. Masana tikumuika ndi mkota waukulu uja wa nyanga zopindika, umene sulola zopusa. Unamugunda kamodzi m'nthiti Lachitatu, ndipo kuyambira pamenepo akumadutsa pafupi ndi mbuzi mutu uli pansi. Ndaonanso kuti amachita zimenezi kwambiri tsiku lomwe sitinayende naye m'mawa chifukwa cha mvula. Ndiye mvula kaya igwe, kuyenda kulipo.

2 Febuluwale

Milungu iwiri popanda kuthamangitsa. Dzulo ndinamupeza atagona pakhomo pa khola, timbuzi tiwiri titatsamira pamsana pake. Amayi anga anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukamutengera mbale yake okha.

15 Febuluwale

Usiku wathawu cha m'ma 1 koloko Bwenzi anayamba kuuwa monga mwa masiku onse. Kenako ndinamva mawu ena, okhuthala, ochokera pansi pa chifuwa, amene sindinawamvepo pakhomo pano. Ndinadzuka nthawi yomweyo. Ndi tochi ndinapeza Tcheru ataima pa ngodya ya kampanda kake, ubweya wa pamsana utaima, akuyang'ana mbali ya kuchimanga, mbuzi zonse zitaunjikana kumbuyo kwake. Ndinaliza wezulo, aneba awiri anatuluka, tinazungulira osaona munthu. Mbuzi 12, zonse zilipo.

M'mawa mayi a kunyumba akusesa anapeza zidutswa ziwiri za nyama m'kati mwa mpanda wakunja, zili ndi timibulu takuda. Zinagwera mapazi ochepa chabe kuchokera pa waya wa Tcheru. Bwenzi anali pakhonde usiku wonse, sanafikeko. Nyamayo tinaitola ndi pepala la pulasitiki, tinakaonetsa a mfumu ndi achitetezo, kenako tinaikwirira m'dzenje lakuya ndi kuikapo mwala.

Tcheru ali ndi miyezi 6 yokha, makilogalamu 25. Akadali mwana, ndipo agalu akuluakulu sakhwima nzeru mpaka chaka ndi theka kapena ziwiri, choncho sindimutulutsa m'kampanda usiku panopa. Zomwe tagwirizana lero: agalu onse awiri azigona motsekeredwa, Bwenzi pakhonde, Tcheru kukhola, ndipo m'mawa munthu azizungulira mpanda wonse asanawatsegulire. Chimanga cha mizere isanu yoyandikana ndi mpanda tichidula chikadali chachiwisi kuti pasakhale pobisala. Mbali ya kuchimangayo tiwonjezera waya wa timabowo ting'onoting'ono mpaka pamwamba, mitengo ndadula kale isanu ndi itatu, yatsala inayi. Nambala ya dokotala ndailemba pa chitseko cha kukhitchini. Lolemba ndikamufunsanso za nthawi yabwino yotseketsa Tcheru kuti asabereke, chifukwa akayamba kufuna amphongo agalu a mudzi wonse adzadzaza pa mpandawu, ndipo sindikufuna kuti usiku ndizilephera kusiyanitsa chomwe akuuwa.